Walira Mvula Walira Matope: Kuuma kwa Nsagwada Pambuyo pa Chithandizo cha Khansa

Kwa zaka zambiri, Mmalaŵi wopezeka ndi khansa yofuna kuwotchedwa ndi cheza analibe kwina koloŵera koma kunja kwa dziko. Ena ankatumizidwa ku India, ena ku Tanzania, ndipo ena ankapita ku Zambia, kumene chipatala cha khansa cha mu Lusaka chinatsegulidwa m'chaka cha 2007. Ambiri ankangodikira kuti dzina lawo lifike, koma nthenda sinkadikira nawo. Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 2024, pamene chipatala cha International Blantyre Cancer Centre, chimene si cha boma, chinayamba kupereka chithandizo chimenechi, chotchedwa radiotherapy, mumzinda wa Blantyre. M'chaka cha 2025 boma nalo linatsegula chipatala chake cha khansa pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Imeneyi ndi mvula imene anthu anailira nthaŵi yaitali, ndipo nkoyenera kuikondwerera. Koma akale anati walira mvula walira matope. Pamene opulumuka ku khansa ayamba kuchuluka m'midzi ndi m'matauni, achulukanso amene adzakhala ndi zipsera za chithandizo chimene chinawapulumutsa. Chimodzi mwa zipsera zimenezi, chimene sichikambidwa kaŵirikaŵiri, ndicho kuuma kwa nsagwada ndi kukungika kwa nkhope. Vutoli limagwera makamaka amene analandira chithandizo cha khansa ya m'kamwa, ya lilime, ya kummero, ya kuseri kwa mphuno kapena ya m'khosi. Madokotala amalitcha trismus.

Chachikulu chimene wodwala ndi abale ake ayenera kudziŵa nchakuti pakamwa pamatsekeka pang'onopang'ono, mwakachetechete, ndipo pakatsekeka sipatseguka msanga. Kusunga mpata umene ulipo nkwapafupi kuposa kubweza umene watayika. Tsono ntchito yosunga mpatayo imagwiridwa kunyumba, tsiku ndi tsiku, ndi manja a wodwalayo mwini wake.

Mmene nsagwada imayendera

Fupa la nsagwada ya m'munsi limalumikizana ndi mutu pa mfundo ziŵiri, imodzi kutsogolo kwa khutu lililonse. Munthu akaika chala pamenepo nayasama, amamva mfundoyo ikuyenda. Mbali iliyonse ya nkhope ili ndi minofu inayi yotafunira. Umodzi uli patsaya, ndiwo umene umatukuka munthu akaluma mano. Wina uli m'mbali mwa mutu, pamwamba pa khutu. Iŵiri yotsalayo ili m'kati, kuseri kwa mano akumapeto, kumene chala sichifika bwino. Itatu mwa minofu imeneyi ndi yotseka pakamwa, ndipo njamphamvu kwambiri, pamene minofu yotsegula njaing'ono ndi yochepa mphamvu. Nchifukwa chake yotsekayo ikauma nifupika, yotsegulayo imalephera kulimbana nayo.

Munthu wamkulu wabwinobwino amayasama mamilimita 40 kapena kuposerapo, kuyeza kuchokera pa mano akutsogolo a m'mwamba kufika pa a m'munsi. Madokotala ambiri amagwirizana kuti mpatawo ukatsika kufika pa mamilimita 35 kapena kucheperapo, vuto lafika. Kumudzi kumene kulibe choyezera, zala za wodwala mwini wake zimakwanira. Aphatikize chala cha mkombaphala, chapakati ndi chotsatira chake, nayese kuziimika pakati pa mano akutsogolo. Zikaloŵa zonse zitatu mosakakamiza, mpata ulipo. Zikaloŵa ziŵiri zokha, nsagwada yayamba kuuma. Chikaloŵa chimodzi, ndiye kuti kudya ndi kutsuka m'kamwa kwafika kale povuta.

Chimene chimaumitsa

Magwero a vutoli ngatatu. Loyamba ndi chotupa chenichenicho, chimene chingamere n'kuloŵerera m'minofu yotafunira chithandizo chisanayambe nkomwe. Lachiŵiri ndi opaleshoni, pakuti bala lililonse likamapola limasiya chipsera, ndipo chipsera chimakoka. Lachitatu, limene lili lalikulu mwa ambiri, ndi cheza.

Chithandizo cha cheza cha khansa ya m'mutu ndi m'khosi kaŵirikaŵiri chimatenga masabata 6 kapena 7, wodwala akumapita ku makina masiku 5 pa sabata. Chezacho chimapha khansa, koma podutsa chimakhudzanso minofu, mfundo ya nsagwada ndi timitsempha ta magazi. Pochira, thupi limaluka ulusi wolimba m'malo ovulalawo, wofanana ndi wa chipsera, koma uli m'kati mosaoneka. Mnofu umene unali wofeŵa ndi wotamuka umasanduka wolimba monga chikopa cha ng'oma chimene chakungidwa n'kuuma. Pamwamba pa izi, m'masabata a chithandizo m'kamwa mumatuluka zilonda zoŵaŵa, kotero kuti wodwala amaopa kuyasama, amangomwa zamadzimadzi ndi kulankhula mano ali chitsekere. Mfundo imene sikugwira ntchito imauma, monga umaumira mkono umene wakhala nthaŵi yaitali m'chikhakha.

Choopsa chake nchakuti kuumaku sikuonekera tsiku limene wodwala atsazikana ndi makina. Kumayamba patapita masabata kapena miyezi, kumakula msanga m'chaka choyamba, ndipo kungapitirire pang'onopang'ono kwa zaka. Munthu amene anabwerera kumudzi nthaŵi yodzala akudya bwino, angadzazindikire nthaŵi yokolola kuti supuni siloŵanso m'kamwa monga kale. Makina amakono amatha kulunjika cheza pa chotupa ndi kulambalala ziŵalo zina zoyandikana nacho. Zimenezi zimachepetsa vutoli koma sizilithetsa, popeza chotupa nthaŵi zambiri chimakhala chogundana ndi minofu yomweyo.

Kukungika kwa nkhope ndi khosi kuli ndi gwero linanso. M'thupi mumayenda madzi oyera otchedwa lymph, amene amasefedwa mu anabere. Anabere a m'khosi akachotsedwa pa opaleshoni kapena akawonongeka ndi cheza, madziwo amasoŵa njira, nadikha pansi pa chibwano, m'masaya, ngakhale m'zikope. Kutupaku kumakula m'maŵa munthu akangodzuka, ndipo kumaphwa pang'ono masana pamene mutu uli chiimire. Kukasiyidwa nthaŵi yaitali, malo otupawo amalimba, ndipo munthu amamva ngati wamangidwa mpango wothina umene sangaumasule.

Nkofunika kusiyanitsa kuuma kumeneku ndi kafumbata. Kafumbata amachokera ku tizilombo toloŵera pabala, amabwera mwadzidzidzi m'masiku oŵerengeka, ndipo amaumitsa ndi kukoka thupi lonse. Ameneyo ngofuna kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kuuma kwa pambuyo pa khansa kumadza mwakayaziyazi ndipo kumakhala pamalo amene anathandizidwa. Si kulodzedwa, ndiponso si umboni wakuti madokotala analakwitsa mankhwala.

Zimene zimatayika pakamwa pakatsekeka

Munthu sadziŵa kufunika kwa mpata wa pakamwa kufikira utachepa. Mbamu ya nsima imafuna mpata. Mondokwa, nzimbe, mango ndi chinangwa zimafuna woposerapo. Wodwala amayamba ndi kusankha zakudya, kenaka amatopa nako kudya chifukwa mbale imodzi imamtengera ola lathunthu. Motero thupi limene langotuluka m'matenda aakulu limayamba kuwonda panthaŵi imene liyenera kumangidwanso. Mawu nawo amasintha, amamveka ngati otsekeredwa. Mphunzitsi, mlaliki, woimba m'kwaya, mayi woitanira malonda pamsika, onseŵa ntchito yawo ili pakamwa, ndipo mawu akapanda kumveka, chakudya cha banja lonse chimakhudzidwa.

Palinso zoopsa zina zobisika. Mswachi sufika ku mano akumapeto, ndipo dokotala wa mano sangathe kuwagwira akabooka. Dokotala wa khansa, amene ayenera kuyang'ana m'kamwa paulendo uliwonse kuti aone ngati nthenda yabwerera, amalephera kuona bwino. Ndiponso tsiku lina wodwalayo akadzafunika opaleshoni ya mtundu uliwonse, ogonetsa odwala amavutika kuloŵetsa paipi yopumira. Nchifukwa chake ayenera kuuzidwiratu.

Chomaliza ndi manyazi. Kudya kwa kuno nkwa pagulu: paukwati, pamaliro, pa mphasa ya banja madzulo. Munthu amene chakudya chimamgwa m'kamwa, kapena amene amatsalira yekha anzake atasamba kale m'manja, amayamba kudyera m'chipinda. Kuchoka apo amaleka kupita kumisonkhano, ndipo anthu amayesa kuti wayamba kudzikonda.

Vutoli si la kuno kokha, ndiponso si latsopano. Sigmund Freud, dokotala wa ku Vienna amene dzina lake nlodziŵika pa maphunziro a maganizo a munthu, anapezeka ndi khansa ya m'kamwa m'chaka cha 1923. Anakhala nayo zaka 16, nachitidwa maopaleshoni oposa 30 pamodzi ndi kuwotchedwa ndi cheza, mpaka anamwalira ku London m'chaka cha 1939. Madokotala anamchotsa mbali ya nsagwada ndi ya kumwamba kwa m'kamwa, namuikira chotsekera chochita kupanga, chimene chinali chovuta kuloŵetsa ndi kutulutsa chifukwa pakamwa pake sipankatseguka mokwanira. Mwana wake wamkazi, Anna, ndiye ankamthandiza pa ntchito imeneyo. Olemba mbiri yake amasimba kuti nthaŵi zina ankakanula mano ndi pegi yoyanikira zovala kuti aloŵetse ndudu, pakuti fodya sanathe kumsiya. Komabe m'zaka zonsezo anapitiriza kuona odwala ndi kulemba mabuku. Mbiri yake ionetsa kuti munthu wouma nsagwada angathe kugwira ntchito zaka zambiri ngati ali ndi womsamalira wodekha. Ionetsanso mmene fodya amagwirira munthu ngakhale atamvulaza chotere.

Maseŵero a nsagwada

Akale anati m'mera mpoyamba. Madokotala ambiri amalangiza kuti maseŵero otamula nsagwada ayambe chithandizo cha cheza chisanayambe kapena chikangoyamba, apitirire m'masabata onse a chithandizo monga mmene ululu ungalolere, ndipo asalekeke chikatha. Koma amene anachitidwa opaleshoni ya fupa la nsagwada, amene ali ndi mano ogwedera, kapena amene ali ndi bala losapola, asayambe popanda chilolezo cha dokotala wawo.

Wodwala akhale tsonga pampando, mapewa atagwa, kalilole ali patsogolo. Ngati khungu linapola kale, ayambe ndi kuika patsaya kansalu koviika m'madzi ofunda. Madziwo ayesedwe ndi dzanja poyamba, chifukwa khungu limene linawotchedwa ndi cheza nthaŵi zina silimva kutentha ndipo lingapse mwini wake osadziŵa. Kenaka asisite mnofu wa patsaya ndi nsonga za zala, mozungulira, kwa mphindi imodzi kapena ziŵiri.

Atatero ayasame pang'onopang'ono kufikira amve kukoka, aime pamenepo kanthaŵi, natseke. Asunthire nsagwada ya m'munsi kumanja, aime, aibweze pakati; aisunthire kumanzere momwemonso; kenaka aikankhire kutsogolo kuti mano a m'munsi apitirire a m'mwamba. Kalilole amathandiza kuona ngati nsagwada ikutsika molunjika kapena ikupendekera mbali imodzi. Minofu ikafunda, agwiritse ntchito zala: chala chachikulu chitsamire mano a m'mwamba, cha mkombaphala chitsamire a m'munsi, ndipo akankhe mofatsa monga mmene sizasi imatsegukira.

Njira ina yodziŵika ndi ya timatabwa tija madokotala amapanira nato lilime poyang'ana kummero. Timatabwato timasanjikizidwa kufikira mulu wake utangokwana pakati pa mano a m'mbali. Pakapita masiku, kathabwa kena kamaloŵetsedwa pakati pa muluwo mosagwedeza mano, ndipo chiŵerengero chake chimakhalanso muyeso woonetsa ngati mpata ukukula. M'maiko olemera muli chipangizo chotchedwa TheraBite chimene chimakanula nsagwada wodwala akafinya chogwirira chake. Malangizo ake ali ndi njira ziŵiri zosavuta kukumbukira. Yoyamba ndi kutamula ka 7, kuima masekondi 7 ulendo uliwonse, ndi kubwereza zonsezi ka 7 pa tsiku. Yachiŵiri ndi kutamula ka 5, kuima masekondi 30, ndi kubwereza ka 5 pa tsiku. Chipangizocho nchokwera mtengo, koma kumene kulibe, zala ndi timatabwa zimagwira ntchito yofanana nayo, ndipo kaŵerengedwe kameneka kangatsatidwe momwemo.

Lamulo la ululu nlakuti kukoka kumaloledwa, koma kubaya sikuloledwa. Wodwala akamva ululu wobaya, kapena akaona magazi, aleke nakafunse kuchipatala. Kukanula mwamphamvu ndi supuni yachitsulo kapena mtengo kumathyola mano ndi kung'amba mnofu, ndipo mnofu wong'ambika umapola ndi chipsera choposa choyamba. Kuchita pang'ono kaŵirikaŵiri kumaposa kuchita kwambiri kamodzi pa sabata. Popeza munthu amaiŵala, ndi bwino kumangirira maseŵero ameneŵa ku zinthu zimene saziphonya: akadzuka, asanadye chakudya chilichonse, akabwera kumunda, ndi asanagone. Kuseŵera asanadye kuli ndi phindu lina, pakuti nsagwada yofunda imatafuna bwino.

Tsiku limodzi pa sabata, wodwala ayeze mpata ndi zala, ndi timatabwa kapena ndi rula ya mwana wa sukulu, nalembe m'kope. Kope limeneli apite nalo kuchipatala paulendo uliwonse. Phindu la maseŵeroŵa limabwera m'mamilimita, ndipo nsagwada imene yakhala youma zaka zambiri kaŵirikaŵiri sibwerera mwakale. Koma mamilimita oŵerengeka omwewo ndiwo amasiyanitsa pakati pa munthu wodya ndi supuni ndi munthu wongoyamwa ndi kapaipi. Ngakhale mpata utapanda kukula, kuusunga kuti usachepe ndi kupambana kale.

Kusamala nkhope ndi khosi

Wotupa nkhope agone mutu uli pamwamba, pa mitsamiro iŵiri kapena pa bulangete lopinda, kuti madzi atsike usiku. Masana apeŵe kukhala choŵerama nthaŵi yaitali. Khosi alitembenuze pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere, alipendeketse ku phewa lililonse, nayang'ane kumwamba kufikira amve kukoka pansi pa chibwano. Nkhope nayo ili ndi maseŵero ake: kumwetulira kwambiri, kusongola milomo monga woimba mluzu, kufufumitsa masaya ndi mpweya, ndi kutulutsa lilime n'kuliyendetsa mbali zonse.

Pali kasisitidwe kapadera kothandiza madzi odikha kupeza njira yatsopano. Nkopepuka kwambiri, kongosuntha khungu, ndipo kumene dzanja liyenera kuloŵera kumadalira anabere amene anachotsedwa ndi amene anatsala. Pachifukwa chimenechi wodwala ndi womsamalira aphunzitsidwe kaye ndi katswiri wa mafupa ndi minofu wa kuchipatala. Kukanda kwamphamvu monga kwa mwendo wobinya sikuthandiza pamenepa.

Khungu limene linawotchedwa limakhala louma ndi lochedwa kupola moyo wonse. Likapola zilonda za chithandizo, lidzoledwe mafuta opanda fungo, ndipo litetezedwe ku dzuŵa ndi chipewa chachikulu. Pamalo pamenepa pasatemedwe mphini, pasathoŵedwe ndi madzi otentha, ndipo pasapakidwe mankhwala oyabwa kapena owotcha. Bala laling'ono limene lingapole m'masiku atatu pa mkono, pakhosi lotere lingatenge miyezi ndi kuloŵetsa matenda.

Mano ndi malovu

Cheza chimawononganso tiziŵalo topanga malovu, kotero kuti ambiri amakhala ouma m'kamwa. Malovu ndiwo amatsuka ndi kuteteza mano. Akachepa, mano amabooka msanga, ngakhale mwa munthu amene sanadwalepo dzino. Wodwala aziyenda ndi botolo la madzi ndi kumamwa pang'onopang'ono. Azitsuka mano akatha kudya ndiponso asanagone, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, pogwiritsa ntchito mswachi waung'ono wofeŵa wa ana, umene umaloŵa pa mpata wochepa. Kuchukucha m'kamwa ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono ndi soda kumathandiza kuchotsa malovu onanda. Maswiti ndi zakumwa za shuga zimaoneka ngati zithandiza kuumako, koma zimafulumiza kubooka kwa mano. Fodya, wosuta ndi wotafuna yemwe, pamodzi ndi moŵa, makamaka kachasu, ayenera kulekeratu, pakuti amapsereza m'kamwa, amachedwetsa kupola, ndipo amawonjezera mpata wakuti khansa ibwerere.

Chenjezo lalikulu lili pa kuzula dzino. Fupa la nsagwada limene linadutsidwa ndi cheza limakhala ndi magazi ochepa, ndipo dzino likazulidwa, dzenje lake lingakane kupola mpaka fupa kuyamba kufa. Nchifukwa chake madokotala amafuna kuti mano aonedwe ndi owonongeka achotsedwe chithandizo cha cheza chisanayambe. Pambuyo pake, ngakhale patapita zaka khumi, wodwala ayenera kuuza aliyense wofuna kugwira mano ake kuti anawotchedwapo ndi cheza, ndipo asalole kuzulidwa dzino popanda dokotala wa khansa kudziŵa.

Chakudya cha mpata wochepa

Cholinga nchakuti supuni iliyonse ikhale ndi mphamvu zambiri, popeza masupuni ake ngoŵerengeka. Phala la mgaiwa kapena la Likuni lithiridwe nsinjiro, chiponde, mkaka, dzira kapena mafuta pang'ono. Mapeyala ndi nthochi zakupsa zikanyidwe. Futali wa mbatata, maungu ophika, chipere cha nyemba, mazira ofeŵa, chambiko, ndi usipa wosinja wothira mu msuzi, zonsezi zimaloŵa pa mpata wochepa ndipo zimamanga thupi. Nsima iphikidwe yofeŵa, mbamu zikhale zazing'ono, ndipo ndiwo zikhale za msuzi wambiri. Therere limathandiza wouma m'kamwa chifukwa limatereretsa chakudya. Tsabola ndi zakudya zotentha kwambiri zimapweteka m'kamwa mouma. Kudya pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku kumaposa kulimbana ndi mbale ziŵiri zazikulu.

Komabe zofeŵa zisapitirire muyeso. Kutafuna nako ndi maseŵero a nsagwada, ndipo wodwala amene angathe kutafuna mosatsamwa apitirize kutero. Ngati thupi likuwondabe, madokotala angaike kapaipi kodyetsera kodzera m'mphuno kapena pamimba. Abale ena amakana kapaipi poganiza kuti ndi chizindikiro cha imfa, chonsecho ntchito yake ndi kusunga mphamvu kufikira wodwala atayambanso kudya yekha.

Zizindikiro zosafuna kudikira

Kuuma kwa chipsera kumayenda pang'onopang'ono. Pakamwa pakatsekeka mofulumira m'masiku oŵerengeka, pangakhale matenda ena oloŵa kapena khansa yobwerera, ndipo wodwala apite kuchipatala osadikira tsiku limene anamlembera. Achitenso chimodzimodzi akamva ululu watsopano wosatha, makamaka wofika kukhutu. Akaona chotupa chatsopano m'khosi, chilonda cha m'kamwa chosapola patatha masabata aŵiri kapena atatu, magazi, mafinya, kapena fupa loonekera m'nkhama. Nkhope ikafiira ndi kutentha thupi lili ndi malungo. Kapena akamatsamwa ndi kutsokomola pomeza. Kubanika popuma nkofuna kuthamangira nthaŵi yomweyo, ngakhale usiku.

Odwala ambiri amachita manyazi kudandaula za nsagwada kwa dokotala amene anawapulumutsa ku imfa, poopa kuoneka osayamika. Koma mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Dokotala amene ali ndi mzere wautali pakhomo angayang'ane chotupa chokha, ndipo za kuyasama sangazidziŵe ngati mwini wake sanena.

Kumene chithandizo chimapezeka

Akatswiri a mafupa ndi minofu amapezeka m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndiponso pa Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences imaphunzitsa akatswiri otere, ndipo maphunziro a udokotala wa mano, amene anayamba m'dziko muno m'chaka cha 2019, alinso komweko. Pa za ululu, magulu osamalira odwala matenda aakulu, monga Tiyanjane pa Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima, ali ndi luso lochepetsa zoŵaŵa. Ululu ukachepa wodwala amatha kuseŵera, ndipo dokotala angalangize kumwa mankhwala opha ululu kanthaŵi maseŵero asanayambe. Kwa amene nsagwada yauma kotheratu, nthaŵi zina pamachitika opaleshoni yodula zipsera kapena kansonga ka fupa kumene mnofu wotseka umagwira. Ngakhale pamenepo, maseŵero akalekeka pakamwa pamatsekekanso.

Popeza akatswiri ameneŵa ngochepa ndipo midzi ili kutali, nthaŵi yabwino yophunzirira ndi masabata aja amene wodwala ali pafupi ndi makina. Asanabwerere kwawo afunse kuti mano ake aonedwe, kuti mpata wa pakamwa uyezedwe ndi kulembedwa m'buku lake la kuchipatala, kuti aonetsedwe maseŵero ndi manja, ndi kuti apatsidwe timatabwa topita nato kunyumba. Womdikirira m'chipatala akhalepo pophunzirapo, chifukwa ndiye adzamkumbutse masiku amene mtima wagwa ulesi.

Udindo wa abale ndi waukulu koma si wovuta. Ndiwo kuphika phala lothira nsinjiro popanda kudandaula, kukhala naye pa mphasa kufikira atatsiriza kudya, kuletsa ana kumseka, kumvetsera modekha mawu ake akamachedwa, ndi kufunsa Lamulungu lililonse kuti zala zaloŵa zingati. A mpingo ndi anzake a kuntchito asamchotse pa udindo chifukwa chakuti mawu asintha, pakuti kulankhula ndi kuimba nazo zimayendetsa nsagwada.

Makina a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amatsiriza ntchito yawo m'masabata 7. Ntchito ya wodwala imayamba nthaŵi yomweyo ndipo imapitirira chaka chonse choyamba, mwinanso moyo wonse. Ndi ya mphindi zoŵerengeka pa ulendo uliwonse, ndipo sifuna ndalama yoposa ya kope ndi mswachi. Amene aigwira mokhulupirika kuyambira pachiyambi ali ndi chiyembekezo chabwino chodzakhalanso pa mphasa ndi ana ake, n'kutema mbamu m'mbale imodzi ndi iwo.